Tebulo Lachinayi

Basi ndaisiya kudepoti kusanache.
Usiku wonse ndazungulira Kowloon
ndi anthu ogona chokhala,
ndipo miyendo yandifikitsa yokha
ku Sham Shui Po, pa galasi lochita nthunzi
pomwe abakha ootcha alendewera pa ngowe,
makosi opindika, khungu lili psuu.

Muno mulibe moni.
Mayi Ngai amakuloza ndi chibwano,
pensulo kukhutu, chinsanza m'manja;
ukachedwa kusankha, akupitirira.
Tebulo si la munthu mmodzi.
Umakhala pomwe pali mpando,
chigongono chako n'kugundana ndi cha mlendo,
aliyense maso pa mbale yake.

Nditsuka timitengo todyera m'kapu ya tiyi wotentha
monga ankachitira bambo anga,
amene sindinawafunsepo chifukwa.

Labwera banzi la chinanazi,
lopanda chinanazi ngakhale kachidutswa.
Dzinali analitengera pa msana wakewo,
wong'aluka, wachikasu, woyoyoka shuga.
M'mimba mwake alowetsamo batala wozizira
wochindikala ngati chala,
ndipo umalidya mwamsanga
batalayo asanagonje.
Pambali pake tiyi wamkaka, wosefedwa m'nsalu
yomwe inada ine ndisanayambe ntchito,
wowawira kunsonga kwa lilime.

Moyang'anana nane, monga mwa masiku onse,
mkulu wa chipewa chotuwa.
Zaka khumi ndi chimodzi takhala pa tebulo ili,
iye phala la mpunga ndi dzira lakuda lija,
nyuzipepala yotsegula pa mpikisano wa akavalo,
ine banzi langa ndi tulo tanga.
Mawu athu onse akhala awa:
ine kumukankhira shuga,
iye kundikankhira tsabola.

Lero wapinda nyuzipepala asanawerenge.
Wakhosomola, wayang'ana kudenga
komwe fani ikupukusa utsi wa mafuta.
"Mwana wanga wanditumizira tikiti," akutero.
"Ku Calgary. Akuti chipale chimafika m'mawondo.
Ndinyamuka Lachisanu."
Kenaka, ngati wokumbukira ngongole,
"Ndine Fok. Fok Yiu-tong."

Dzina langa ndalitchula banzi lili m'kamwa.

Wanyamuka, wapita kukhomo la uvuni
komwe a Szeto akutulutsa timakeke ta mazira,
pakati pake pakunjenjemera ndi kutentha.
Wapempha chinsinsi chake, kapepala kali m'manja,
akuti akayese kuphika kutali uko.
A Szeto aseka mpaka ufa wagwa m'nsidze:
"Chinsinsi? Dzukani thuu koloko usiku
kwa zaka makumi atatu."
Koma atola sikisi ta m'mphepete, topsa bwino,
aika m'kabokosi, amanga ndi ulusi wofiira,
ndalama akana ndi kumbuyo kwa dzanja.

Mayi Ngai alemba bilu yake,
aiyang'ana, aifinya, aiponya m'thumba la epuloni.
"Mwamaliza? Mpando ukufunika!"
Mawu awo ndi okhadzula ngati kale,
koma chinsanza chikupukuta malo amodzi omwewo,
malo oyera kale.

Watuluka a Fok, kabokosi pachifuwa,
phala lasiyidwa theka,
nyuzipepala yatsala pa tebulo.
Kavalo mmodzi anamuzunguliza ndi inki dzulo;
sindidziwa ngati anapambana.

Kunja mashopu akukweza zitseko zachitsulo, kwee,
ngolo ya masamba yakola pa ngalande,
wina akutukwana mvula.
Mpando uja sunazizire nkomwe:
wakhalapo mtsikana wa yunifomu yabuluu,
chikwama pamiyendo, foni m'manja,
waitanitsa tiyi osakweza mutu.

Ndamukankhira shuga.
Wandiyang'ana modabwa,
wathira masupuni awiri,
ndipo tonse tikudya chete
nyenyeswa zikugwera pa akavalo.