Mbuzi ya pa Khoma la Butchala

Anandituma mbuzi yonenepa,
a Kamgunda, eni butchala ya pa Chinkhoma,
yoti wodutsa pa njinga akaiona, malovu adzadze m'kamwa.
Tinapangana: theka lero, theka penti akauma.

Ndinayambira msana.
Msana wa mbuzi yokhuta umakwera ngati chulu,
mzere umodzi, dzanja osapumira.
Wanga unatsetsereka.
Ndinafufuta ndi kansanza ka parafini, n'kuyambanso,
unatsetserekanso
ngati denga la chigafa chodyedwa nsanamira ndi chiswe.

Sabata imeneyo Ndaziona wanga anali gone
ku chipatala cha pa boma,
akukoka mpweya ngati mjigo wa mu Okutobala.
Sindinauze munthu.
Bulashi ndiyo inaulula.

Wofiira ndinagula wowala, wa nyama yophedwa m'mawa,
koma posakaniza dzanja linapitirira ndi wakuda,
n'kutuluka kufiira kwa katondo wofukulidwa kumene,
uja amaunjika pambali pa dzenje
anthu atazungulira.
Chikasu cha m'maso ndinachisungunula
mpaka chinafanana ndi fodya wobwezedwa ku okushoni.
Miyendo, mizere inayi yonjenjemera,
yosadziwa ngati pansi pali nthaka.

A Kamgunda anaima chapatali, manja m'chiuno.
"Chimdzeka, mbuzi iyi ikudziwa.
Ndani angagule nyama, mwini wake akumuyang'ana chonchi?"
Theka lija sanandipatse.

Mwana anamutulutsa Lachinayi.
Anadya nthochi ziwiri m'minibasi, n'kupempha yachitatu.

Loweruka ndinabwerera ndi zitini zanga, osaitanidwa.
Msana sindinaukhudze.
Ndinangomeretsa msipu kunsi kwa ziboda,
timizere tobiriwira tothamangira m'mwamba,
topanda muyeso, tina mpaka kudumphira pa chitseko,
kenaka kadontho koyera pakona pa diso.
Kamodzi basi,
kochepa ngati njere ya mawere.

Tsopano amayi a tomato tsidya la msewu amati ikuseka.
A Kamgunda amati ikadali ndi nkhawa,
ngakhale nyama ikutha dzuwa lisanafike paliwombo.
Ana a sukulu anaipatsa dzina lomwe sindinalimvetse.

Ine ndikamadutsa ndi makwerero paphewa
ndimaona msana uja,
wotsetserekabe pamwamba pa msipu wonsewo.
Penti ndili naye, mpata ndili nawo.
Sindidzauwongola.