Boti la Lufeyo

Mlongo wanga Lufeyo anabwera ku Joni
ndi dzino lagolide ndi boti loyera.
Analikoka ndi galimoto pa Kamuzu Road
pang'onopang'ono, kuti ife a tomato tilione bwino.

Loweruka akuti, Achemwali, tsekani benchi,
lero mukaona chilumba.
Ine zaka makumi anayi ndili ku Salima,
nyanja ndimangoidziwira mu usipa.

Ku Senga anandiveka jekete yoyandamitsa
yonunkha thukuta la munthu wina.
Injini inatsokomola kawiri, n'kubangula.
Mtunda unayamba kutithawa,
nyumba za alendo zinasanduka timabokosi ta machesi,
ine manja gwa! pa thabwa,
Salimo ili pakamwa, mawu ake akutengedwa ndi mphepo.

Kachilumbako tinakapeza dzuwa lili paliwombo:
miyala yopakidwa laimu ndi mbalame,
mkuyu umodzi wakumbatira thanthwe ndi mizu.
Mlonda wa paki, mnyamata wa ndevu zitatu,
analemba maina athu m'buku lonyowa.
Pano musawedze, musathyole, musasiye botolo.
Ng'azi inatiyang'ana ndi diso limodzi
osasuntha ngakhale mchira, ngati mwini nyumba
amene lendi yake inakwana kale.

Ndinavula silipasi, ndinaviika mapazi.
Zinabwera! Timbuna tobiriwira, tachikasu,
tina tamizeremizere ngati nsalu ya chinkhoswe,
n'kumandijompha ming'alu ya zidendene.
Mwachizolowezi ndinayamba kuziika pa milu,
mulu uwu faifi handiredi, uwu sauzande,
kenaka ndinachita manyazi ndekha.

Lufeyo anakwera mwala kusaka netiweki.
Anaisowa. Anatsika, nakhala pambali panga,
ndipo kukamwa kwake kunauma nthabwala.
Atakhala chete anati, Kuja ndinkagona m'kontena,
asanu ndi mmodzi, bulangete ziwiri.
Maliro a bambo ndinawamvera pa foni ya mnzanga.
Sindinayankhe. Ndinamusendera nthochi
monga ndinkachitira ali sitandade wani.

Pobwerera injini inakana.
Anakoka chingwe, anakoka, anaitukwana m'Chizulu,
mwera nawo wayamba kukwinya madzi.
Anatipeza ndi Che Twaibu wa chilimira,
boti lake lamatabwa lomatidwa phula,
natimangirira kumbuyo ngati mbuzi ya pamsika.
Sanaseke. Anangofunsa, Petulo munathira wa ndani?
Dzino lagolide silinaonekenso mpaka kugombe.

Lolemba pa benchi anzanga anandizinga:
Nanga kuchilumba kuja mwatitengera chiyani?
Ndinati kumeneko satenga kanthu, n'lamulo.
Koma pofinya tomato kuti ndione wakupsa
zidendene zanga zinali kunyerenyetsabe,
ndipo kasitomala wina ndinamuikira basera kawiri.