Malikisi Atatu

Zotsatira zinafika ndili ku Lusangazi,
mkono uli m'mimba mwa ng'ombe mpaka m'phewa,
foni ikunjenjemera m'thumba la ovolosi.
Sindinaiyankhe. Thole linali litagona mopingasa.

Nditasamba m'chidebe cha madzi ozizira ndinawerenga:
Walinase Harawa, mwaperewera malikisi atatu.
Ndinawawerenga pa zala zonunkhabe ndowe,
ziwiri zotsalazo zikungondiyang'ana.

Fwasani wakhoza.
Tinkakhala benchi limodzi, kubwerekana cholembera,
koma iye anamutumiza ku chipatala chachikulu cha ziweto
kumene galu amabwera atakhala mpando wakutsogolo wa galimoto,
kumene makina amaunika chiwindi
n'kuchiyala pagalasi ngati mapu,
kumene Lachitatu lililonse madokotala asanu
amakangana mpaka tiyi kuzizira
chifukwa cha chithunzi chimodzi.

Ine ananditumiza kuno ku Mzuzu,
kwa a Chavula, dokotala mmodzi wa makola mazana,
njinga yamoto yolira mochita kukankha,
firiji ya katemera yopempherera magetsi,
ndi maikulosikopu ya diso limodzi, linalo linachita ng'ala.
Zaka zitatu m'matope a ku Doroba ndi ku Choma
ndinaphunzira kumva malungo ndi kuseri kwa dzanja,
kuzindikira chigodola cha nkhumba ndisanatsegule khola,
kuwerenga nkhupakupa kuseri kwa khutu
ngati ndikuwerenga kalata ya kwathu.

Funso lachisanu ndi chiwiri linali chithunzi chotuwa:
Tchulani chimene mukuona.
Ndinaona nkhungu ya ku Kaning'ina m'mawa wa Juni.
Ndinaona nthawi ikutha.

Palibe pamene anafunsa
mmene umadzutsira ng'ombe ndi chingwe, chitenje ndi anyamata anayi,
kapena mawu amene umayamba nawo
pouza mayi wamasiye kuti ng'ombe yolipira fizi
sifika mawa.

Ndinanena zonsezi kwa a Chavula, mokweza,
ndikudikira kuti andivomereze.
Iwo anapitiriza kutsuka jakisoni.
Ukukumbukira ya a Nyasulu ija? anatero.
Tinaipapasa masiku anayi, iwe ndi ine,
tinaipeza nthenda itatumbulidwa kale.
Chithunzi chako chotuwacho
chikanatiuza Lolemba.

Ndinakhala chete mpaka pa Katoto.

Usiku Fwasani anaimba.
Sanati pepa, ndipo ndinamuthokoza mumtima.
Anati ndikutumizira zithunzi makumi anayi,
uzindiuza chimene ukuona, ndizikutsutsa.
Kenako anatsitsa mawu
ngati pali wina kuseri kwa chitseko:
Koma iwe, thole likabwera chammbuyo,
umayamba kugwira mwendo uti?
Satifiketi ndili nayo,
dzanja langa silinafikeko kumeneko.

Tsopano ndili ku Chibavi, magetsi apita,
mvula yamawawa ikunong'ona pa malata,
foni yatsala ndi moto wa mphindi makumi awiri.
Chithunzi choyamba: nkhungu.
Chachiwiri: nkhungu.
Chachisanu ndi chinayi, m'mphepete chakumanzere,
kanthu kakuda kooneka ngati nyemba.
Ndalemba kuti impso.
Wayankha kuti ya mbali iti?

Sindikudziwa.
Mayeso abweranso mwezi wa Okutobala.
Mawa isanakwane faifi ndikhale nditafika ku Doroba,
kuli nkhumba yakana kudya,
ndipo thole la ku Lusangazi, andiuza,
laimirira lokha n'kuyamwa.