Zala za Loweruka, Zala za Lamlungu

Ine ntchito yanga n'kumanga zala.
Zaka makumi awiri ndi zitatu m'kachipinda ka kuseri kwa bwalo
kuno ku Narrandera, kumene Murrumbidgee amayenda mwaulesi,
sizasi m'thumba, pulasitala pamano,
ndipo mpira ndimaudziwira m'manja mwa eni ake
usanagunde n'komwe udzu.

Loweruka amabwera a mpira wa ku Melbourne,
khumi ndi asanu ndi atatu, malaya odula manja,
chisanu cha Julayi chikuwaluma m'khwapa.
Darcy Mulholland amanditambasulira dzanja:
patsinde pa chala chachikulu pakhakhala ngati khungwa la bulugamu,
chifukwa kwa iwowa kuponya ndi mlandu.
Mpira umaugoneka pachikhatho,
n'kuumenya chibakera kumchira, phu!
upite kumene maso ako sanayang'ane.
Mnzako akatalikira, phazi ndilo limatumiza:
umanka ukugudubuzika chagada m'mwamba, mamita makumi asanu,
kukagwera pachifuwa cha munthu amene akali kuthamanga,
pamalo pamene sanafikebe.
Darcy amati: "Ife timalembera kalata mawa."

Lamlungu timazula mitengo inayi, n'kuzika yopingasa.
Amabwera a ragibe ya ligi, khumi ndi atatu,
makosi ngati zitsa.
Sione Fifita zala zake n'zopindika,
koma nsonga zake n'zofewa ngati za telala.
Iyeyu mpira amaupota.
Umatuluka m'chiuno ukuzungulira ngati chipolopolo,
ndipo lamulo likuti usapite kutsogolo, ngakhale kaphazi kamodzi.
Tangoganizani: kuthamangira kumpoto
mphatso n'kumaipereka kummwera,
pamene chimunthu cha makilo zana ndi khumi
chakuwerengera kale nthiti.
Sione amadikira mpaka amve mpweya wake pakhosi,
ndiye n'kumasula.
Amati: "Kupatsa uli pamtendere, ngakhale mwana angathe."

Awiriwa amameta nkhosa pa famu imodzi,
ndipo mkanganowu adauyamba nkhosa zija zikali ana.

Chaka cha chigumula anthu adachepa.
Sione adabwereka malaya odula manja Loweruka lina.
Mpira utamupeza, manja adakumbuka kwawo:
adaupota bwinobwino, mokongola,
wezulo n'kulira, bwalo lonse n'kufa nalo phwete.
M'mawa mwake Darcy adabweza ngongole.
Ataona mnzake ali yekhayekha kutsogolo,
mtima udamuuza kuti mpatse,
ndipo adampatsadi.
Wezulo. Kenaka phewa la munthu wa ku Leeton.
Ndidamutola ndine, akufunsa kuti lero n'lachingati.

Usiku umenewo, kubala, onse adatembenukira kwa ine:
"Glenys, iwe umaona zonse. Akatswiri ndi ati?"
Ndidati mowa wanga ukufunda.

Koma pano, poti ndili ndekha ndikukulunga mabandeji, ndinene.
Lolemba ndilo limaweruza.
Lolemba kumabwera owakha:
chala chotupa chifukwa mpira udafika ndi mphuno,
nthiti yosweka chifukwa udafika pamwamba,
munthu n'kukweza manja, mimba n'kuisiya pamtetete,
bondo la amene adaima kudikira mpira wochedwa.
Bala lililonse lili ndi dzina la amene adatumiza,
ngakhale wovulalayo salitchula.

Ndili ndi kabuku, chikuto chake chidanyowa kalekale.
Amene amasewera pambali pa Darcy sindiwadziwa bwino nkhope.
Amene amaima kumanzere kwa Sione,
mnyamata woonda wa kwa Pendergast,
zaka zisanu sanagonepo pa tebulo langa.
Adangobwera kamodzi, kudzapempha madzi oundana
oti aike m'bokosi la zakumwa.

Ndazimitsa magetsi.
Panja wina waiwala mipira iwiri pa benchi,
wofiira ndi woyera, yagundanitsa mphuno,
mame akuigwera mofanana.