Ndimagulitsa Pansi pa Nyanja

Tebulo langa lili pakati pa zipsepse zonyowa
ndi mathanki a mpweya ondanda kukhoma.
Pano pa Panagsama, ku Moalboal,
ine Perlita ndimagulitsa pansi pa nyanja:
mapeso zikwi ziwiri kulowa kamodzi,
magalasi ndi chovala chothina, mtengo wake wapadera.

Amabwera atapsa ndi dzuwa ngati nkhanu zowiritsa,
foni kumanja, mitengo ya anzathu ataiwerenga kale.
Uyu akuti nditsitseko poti alowa kasanu.
Uyo akufunsa ngati nkhasi zidzakhalepo Lachinayi,
ngati kuti nkhasi zimasayina m'kaundula mwanga.
Ndimangoti: chikole ndi theka, lero.
Chotsalacho mudzapereka mutavuuka,
tsitsi likudontha pa lisiti.

Kamakina ka khadi kali ndi mtima wakewake.
Ndimakakweza pazenera ngati khanda lofuna mphepo
mpaka netiweki itatikumbukira.
Mlendo amaseka.
Ine chamumtima ndimawerengera mafuta a boti la Eleuterio,
msonkho wa pachilumba cha Pescador,
ndi fizi ya mwana wanga ku Cebu.
Namondwe akabwera, onse amafuna zawo zibwezedwe
tsiku lomwelo, m'ndalama yakwawo.

Ndiye kunabwera Bambo Wierzbicki.

Adalipiriratu pa intaneti mwezi wa Marichi,
anthu awiri, masiku atatu, zonse zathunthu.
Maina awiri ndidawalemba ndekha ndi inki yobiriwira.
Koma pakhomo panalowa chikwama chimodzi.
Ndinaloza chikwangwani chathu ndisanafunsidwe:
ZOLIPIRA KALE SITIBWEZA.
Chala changa chimadziwa njira yopita pamenepo.

Sanayang'aneko n'komwe.
Anaika chala pa dzina lachiwirilo, Halina,
nalisisita ngati akuchotsa mchenga.
Sindinafunse kuti ali kuti mayiyo.
Pantchito pano timafunsa za mtima, za mapapu,
za makutu ndi mankhwala amene munthu akumwa,
koma zoterozo fomu ilibe mpata wake.

Anati, inu munalowapo?
Zaka khumi ndi chimodzi ndikugulitsa malo
amene ndimawadziwa pa zithunzi za kukhoma.
Nyanjayi imandifika m'chiuno, basi.
Anati, mpando walipiridwa kale.
Ndinati, bwana wanga sangalole.
Bwana, ali kuseri akutsuka mapaipi, anakuwa:
Pita, kaundula sathawa!

Ndinatenga fomu imene ndapatsa anthu zikwizikwi
ndi kuiwerenga koyamba mpaka pansi.
Kani imati ukafera komweko, mlandu ndi wako?
Ndinasayina dzanja likunjenjemera,
ndipo Eleuterio anaseka mpaka kutsokomola.

Mphunzitsi anandigwira pamkono. Tinatsika.
Phokoso lonse la malonda linatsala pamwamba,
kunangotsala mpweya wanga, kulowa, kutuluka,
mpweya umene ndimaugulitsa pa thanki.
Kenaka kunada.
Sadini, miyandamiyanda, mtambo wasiliva wotembenuka pamodzi,
unang'ambika pakati kutipatsa njira
n'kutsekanso kumbuyo kwathu.
Ndinafuna kuziwerenga, chizolowezi cha ntchito.
Ndinalekera pa zisanu ndi ziwiri.

Chapatali mkulu uja anangoima m'madzi,
manja atapinda pachifuwa,
dzanja limodzi nthawi zina likutambasukira kumanzere
kumene kunalibe munthu.

Madzulo ndinabwerera patebulo, makutu akulira.
Dzina la Halina sindinalifute.
Ndinalemba langa pambali pake, tizilembo ting'onoting'ono,
ndipo pa mzere wa ngongole ndinaika kamzere chabe.

Mawa lake kunabwera atsikana awiri a ku Busan
kudzafunsa ngati mtengowo ndi woyenera.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za masiku onse,
za chikole, za theka, za chikwangwani.
M'khutu lakumanja munali mudakali madzi.
Ndinapendeketsa mutu, ndinadumpha ndi mwendo umodzi,
iwo akundiyang'ana, khadi lili m'manja.