Chitini cha Pakhomo

Holo ya tchalitchi ku Rosettenville tinaibwereka Loweruka,
mipando yapulasitiki, ina yothyoka msana.
Chithunzi cha Mayi Nokwanda Sibeko tinachikoleka
pa msomali wa kalendala.
Chinyezi cha khoma chawadya phewa limodzi
koma maso aja akadali kufunsa mafunso.

Ine anandipatsa chitini cha khofi chobooledwa pamwamba,
akuti ndiime pakhomo.

Mdzukulu wawo, Lwazi, analankhula m'Chizulu,
ine n'kumatola apa ndi apo.
Akuti mayiwa anaponya chitupa chawo pa mbaula
apolisi akuona,
kenako n'kuwotchapo chimanga.
Anawatsekera miyezi isanu ndi inayi.
Potuluka, mano awiri kunalibe
koma mawu anatuluka nawo onse.

Ndalamazi n'za mabuku ndi denga
la kachipinda komwe ankaphunzitsiramo ana usiku
kuti khungu lawo si mlandu.

Anaponya Munashe wometa tsitsi,
anaponya Mkongo wosoka nsapato pa kona,
Esinala anakhuthula zonse za zitumbuwa
mafuta akadali m'zala.
A Jailosi, mtchona wa nthawi ya Wenela,
chifuwa chikulira ngati chitseko chadzimbiri,
anatulutsa marandi awiri m'sokosi.
"Ndinakwera nawo vani imodzi," anatero,
"anandiuza ndisiye kulira, ndikuwanyowetsera diresi."

Ng'oma itayamba, pansi panagwedezeka.
Mwina ndi mapazi athu,
mwina ndi migodi yakale ikutembenuka m'tulo
pamodzi ndi agogo athu amene sanakwerenso kumtunda.

Panja sairini inadutsa.
Dzanja langa linathamangira lokha pachifuwa
pomwe ndimabisa pemiti yanga,
yotha ntchito chiyambire Malichi.
Mayi Nokwanda anandiona ali pakhomapo.
Ndinachita manyazi. Ndinabweza dzanja pachitini.

Cha m'ma teni tinawerenga pa tebulo la mgonero:
marandi zikwi zinayi ndi mazana atatu,
batani la malaya,
ndi kapepala ka makwacha makumi asanu
kopindidwa kanayi, kofewa ngati nsanza,
komwe kuno sikangagule ngakhale machesi.
Lwazi anafuna kukabweza, koma kwa yani?
Ndinati kasiyeni,
kayenda ulendo wautali kuposa tonsefe.

Ndinapita kunyumba wapansi, m'mbali mwa msewu waukulu,
mmene magetsi amawala kwambiri.
Sindinazembere m'tinjira tamdima usiku umenewo.
Mawa lake ndiye ndinayambiranso.