Chikuta cha mwezi wa Okutobala

Anditsitsa pa kabaza ngati dengu la mazira.
Zuze wagwira chikwama, mlamu wanga Dorika wagwira iwe,
ine ndagwira mimba yomwe yasanduka thumba lokhuthula.
Kuchokera pamsewu wa Bangula kufika pakhomo
ndi mapazi makumi anayi. Ndawawerenga onse,
pakuti ulusi wa azamba ukukoka paliponse ndaponda.

Malata akuthetheka ndi dzuwa.
Mbuzi zabisala pansi pa nimu, zikupuma mwawefuwefu.
Obwera kudzakuona akuti khanda ndi kufunditsa,
ine ndikuti kuno nkhuku imafa ili chiimire.
Takangana, ndipo wagona m'chitenje chimodzi chopyapyala,
chija chidasuluka ndi madzi amchere a pamjigo.

Tsiku lachiwiri bere likungodontha timadzi tachikasu.
Ukuyamwa, ukusiya, ukundiyang'ana ngati ndakumana dala.
Usiku ndalira motsitsa mawu kuti Dorika asamve,
koma Dorika amamva ngakhale mlamba ukapuma m'matope.
Wadzuka, wasonkha moto m'kutentha konseku,
wandithowa msana ndi nsalu yoviika m'madzi otentha.
Manja ake akununkha utsi wa nsomba,
fungo la msika womwe waujomba chifukwa cha ine.
"Imwa," akutero, "thobwa la mapira silidikira njala."

M'mawa mwake ndadzuka bulauzi itanyowa.
Mkaka wabwera ngati Ruo, wosagogoda.

Neti ili ndi bowo pomwe khoswe adaluma.
Ndatseka ndi chipini cha thewera,
udzudzu wa kudambo ukungozungulira panja ngati angongole.
Ndimagona ndi diso limodzi.
Linalo limalondera liwombo lako likugunda,
chala changa chili pamphuno pako kufunsa ngati mpweya ulipo.

Palibe adandiuza kuti magazi atenga masiku chonchi,
kuti kuchimbudzi kudzatalika ngati ku Marka,
kuti ndizikhalira thako limodzi,
kuti ndikayetsemula ndizigwira khoma.
Onse ankangoti udzaona wekha.
Ndaona.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, mbandakucha, mchombo wasowa.
Dorika wakutumula mphasa, foni yoyatsa tochi ailuma ndi mano,
akung'ung'udza kuti usakhale utagwera pakati pa miyendo.
Taupeza m'khwinya la chitenje,
wouma, wakuda, kuchepa ngati sawu lofota.

Zuze akuti akaukwirire kutsidya, ku Makhanga,
komwe kuli wake ndi wa bambo ake.
Ndamufunsa: pati penipeni?
Pomwe panali khonde lanu pali mchenga wofika m'chiuno,
mtondo ndi chitseko zidatsikira ku Mozambiki.
Wakhala chete, akupinda ndi kupindula chipewa.
Ndati mwanayu mpweya woyamba waukoka kuno,
kumtunda kouma komwe tidafika ndi mapoto awiri.
Sanayankhe. Watuluka.

Dzuwa litapendeka ndamva khasu kuseri
likukanidwa ndi nthaka, likubwereza, likukanidwanso.
Kenaka madzi, ndowa yathunthu, kufewetsa pansi pa nimu.
Walowa ndi matope m'maondo,
wasamba m'manja kawiri Dorika asanamuuze,
wakunyamula koyamba, zigongono zili njenjenje
ngati wasenza mbale yodzaza mpaka m'milomo.

Mawa tikutuluka.
Dzina lako sitidagwirizanebe:
iye akuti Nyamadzi, ine ndikuti madzi atikwana.
Dorika wamanga kale kathumba kake,
akuti makasitomala ake amuiwala,
koma wabwerera pakhomo kawiri
kudzandionetsanso momwe ndikugwirire khosi posamba.

Ine mawa ndiyesa kufika pamjigo,
wopanda ndowa, pang'onopang'ono,
kungoti amayi a pamzere aone
kuti ndidapita ndipo ndabwerako.